Muvi Umene Unkabwerera kwa Nachanza

Akuti a Sandalamu a kwa Nambuzi atawaika m'manda sanagone konko, ankabwerera kunyumba kudzafuna akazi awo. Amene amanena zimenezi ndi amayi a pamjigo, ndipo amayi a pamjigo inu mukuwadziwa, mbuzi ikangotsokomola iwo amati yalankhula Chingerezi. Zakuti munthu wakufa ankagogoda pachitseko, ayi, zimenezo n'zokometsera chabe. Koma za muvi uja ndi za tsitsi lija, pamenepo ine sindiseka, chifukwa mutu wa mwini tsitsiyo ndinauona ndi maso angawa.

Tiyambe ndi uta. Banja la a Sandalamu lili ndi uta umene mabanja ena alibe. Makolo awo anaupeza m'phanga la phiri la Nambuzi, muja muli zojambula zofiira pamiyala, ndipo amati eni ake anali Akafula, anthu aafupi aja amene ankakhala m'mapiri muno ife tisanabwere. Utawo ndi waung'ono, ungati n'choseweretsa cha ana, wakuda bii, ndipo mtengo wake palibe mmisiri amene anautchulapo dzina. Unali ndi phodo lake lachikopa chouma gwa, muli mivi ya bango. Nsonga za miviyo si zachitsulo ayi, ndi timiyala toyera, takuthwa ngati botolo losweka, tomatidwa ndi utomoni.

Uta umenewu salasira nyama. Umakhala kudenga wopanda nsinga, ndipo amautsitsa pokhapokha mwini mbumba akamwalira. Pa tsiku lometa amamumeta mkazi wamasiye, tsitsi lakelo n'kulipota pamodzi ndi luzi kuti likhale nsinga. Muphwa wa malemuyo, mwana wa mlongo wawo, amakunga utawo, n'kuima kumutu kwa manda, n'kuponya muvi umodzi kuloza kuphiri. Akatero amadula nsinga ija ndi mpeni. Muviwo palibe amaulondola. Amati eni ake aja amatsika kudzautola, n'kutengana ndi malemuyo kukamuonetsa njira. Kukacha mkazi uja amasudzulidwa, amamanga katundu wake n'kumapita kwawo ali mfulu.

Ndiye amene ankadikira muvi umenewu ndi mtima wonse anali Nachanza, mkazi wa a Sandalamu. Iye anali mtengwa pamudzipo. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, kwa Mkutu, ndipo kumeneko kunali munda umene amayi ake anamusiyira, munda wa m'mbali mwa dambo, wosadziwa njala. Mlongo wake Yotamu anali atamunong'oneza pamaliro pomwepo kuti, "Achemwali, mvula yoyamba ikagwa musanabwere, munda uja abale aupereka kwa mkamwini wa mng'ono wanu. Wayamba kale kuuyendera ndi manja kumbuyo." Koma munthu wosasudzulidwa kwa Nambuzi sawoloka mtsinje. Sathira mchere m'ndiwo, sasamba sopo, sapita kuchigayo, amagona pansi pa chiguduli. Nachanza anawalira amuna ake monga kuyenera, koma kunena zoona mtima wake unali utawoloka kale.

Tsiku lometa linafika. Anamumeta mpala, mutu kuwala ngati chipanda chatsopano. Mlamu wake Nazunga, mlongo wa malemuyo, mayi wowonda wa pakamwa pakuthwa, anapota nsinga pantchafu pake n'kuipereka kwa mwana wake Dafuleni. Dafuleniyu ndi chimunthu cha mapewa, chopalasa kabaza, ndipo kauta kaja katalowa m'manja mwake anthu ena anabisa nkhope kuti asaseke pamanda.

"Amayi, kameneka sikathyoka?"

"Iwe koka, usatichititse manyazi. Kanakokedwa ndi anthu oposa iwe."

Anakoka. Mikono ija, yozolowera kukweza matumba a chimanga pachitunda, inayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu. Muvi unachoka osauona n'komwe, koma nsinga inalira mawu aatali, ndiii, mpaka ena anawamva m'mano. Dafuleni anadula nsinga. Pomwepo Mayi Abigelo, aja amatsogolera nyimbo za amayi pamaliro, amene amuna awo anapita ku Joni kalekale osabwerako, anayambitsa nyimbo. Anaimba ndime imodzi, n'kuyamba kulira mpaka amayi awiri kuwagwirira. Anthu anati, koma mayiwa ali ndi mtima wachifundo.

Tambala asanamalize kulira, Nachanza anali atamanga kale mtolo wake, mapoto, zitenje, khasu pamwamba. Anatsegula chitseko, chitenje chake n'kukodwa ndi kanthu. Atayang'ana pansi anaona muvi uja utabaya pamphuthu ya chitseko, nthenga zake zili zonyowa ndi mame. Sunabaye pamwamba ayi. Unabaya polekeza bondo, molunjika bwinobwino, ngati woponyayo anachita kuima chilili koma msinkhu wake n'kuthera pomwepo.

"Alamu! Alamu, tabwerani mudzaone izi!"

Nazunga anatuluka m'nyumba mwake atamanga chitenje pachifuwa. Ataona muviwo anaima patali.

"Mwaugwira?"

"Ndiugwire ngwanga?"

"Nanga wabwera bwanji?"

"Mukufunsa ine? Funsani mwana wanuyo, mwina anaponyera kumbuyo."

"Muvi subwerera chabe, alamu. Achimwene akukana kupita. Pali chimene mukubisa. Pamene ankadwala paja inu simunazembereko kwina?"

"Ine? Ndi msana unowu? Miyezi yonse ija ndinali kuchapa zofunda zawo. Wondifunayo akanandipeza pati, pachingwe choyanikira?"

Nazunga anazula muviwo ndi nsanza, osaukhudza ndi khungu. Anati palibe kuchitira mwina, aponyanso, koma pafunika nsinga yatsopano pakuti yoyamba ija inadulidwa.

"Potani lero lomwe," anatero Nachanza.

"Ndi tsitsi liti?"

Nachanza anagwira mutu wake. Panalibe ngakhale kamodzi koti nsabwe n'kubisalamo. Anakhala pamtolo wake uja, kenako anayamba kumasula mapoto.

Inu, tsitsi la munthu amene akufulumira silimera. Nachanza ankadzuka m'mawa n'kuyamba kupapasa mutu asanasukusule n'komwe. Anapaka mafuta a nsatsi, anapaka madzi a therere, wina anamuuza za ndowe za kalulu wa m'khola, anapakanso zimenezo. Ana a pamudzi akamuona ankafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, lero lamera?" iye n'kuwathamangitsa ndi chikuni. Ndiwo zopanda mchere zinamukola. Thupi linkayabwa chifukwa chosowa sopo. Kumwamba nako mitambo inayamba kusonkhana masana, kenako n'kubalalika, ngati ikumuyesa dala.

M'masiku amenewo ndi m'mene tinthu tinayamba kusowa. Choyamba chinali chipeso cha Nachanza. Iye anangoti, chabwino, ndipesa chiyani. Kenako lezala limene anamumetera lija, limene analisomeka kutsindwi, linapezeka kuti palibe. Kwa aneba kunasowa sizasi. Palibe chakudya chinasowa, palibe nkhuku inabedwa, zinkangosowa zokhudza tsitsi zokhazokha. Nkhuku nazo zinayamba kukana kulowa m'khola madzulo, zinkakwera mumtengo wa mango zonse n'kuyang'ana mbali imodzi, kuphiri.

Uta uja anali ataubwezera kudenga la nyumba ya malemuyo, pamwamba penipeni pa chiguduli cha Nachanza, wopanda nsinga. Koma dzuwa likangolowa, nthawi ija anthu akulowetsa mbuzi, kudengako kunkamveka kamawu kaja, ndiii, kapansipansi. Tsiku loyamba Nachanza anati ndi udzudzu. Tsiku lina anaimirira pa mpando n'kuuyang'anitsitsa. Uta unali phee, wopanda chingwe chilichonse, koma atayandikiza dzanja anamva mtengowo ukunjenjemera ngati mphika umene watsala pang'ono kuwira.

"A Sandalamu," anatero mokweza, "ngati ndinu, nenani chimene mukufuna. Munali moyo simunkayankhula, mwafa simukuyankhulabe. Ine ndili ndi munda!"

M'mawa mwake anapeza mapazi pafumbi, kuzungulira mtondo. Anali aang'ono ngati a mwana, koma otambalala, zidendene zong'ambika ngati za nkhalamba imene sinavalepo nsapato. Mapaziwo sanalowe m'nyumba. Anafika pakhonde, n'kutembenuka, n'kulowera kumunsi kwa mudzi.

Tsiku lina Yotamu anabwera mpaka pamtsinje, n'kutuma uthenga kuti mlongo wake atsike. Anaima wina tsidya ili wina tsidya ilo, madzi ake ofika m'kakolo, oti ngakhale nkhuku n'kuwoloka.

"Achemwali, mitambo mukuiona?"

"Maso ndili nawo!"

"Mkamwini uja wagula kale mbewu!"

"Muuze aidye yokazinga!"

"Nanga mubwera liti?"

Nachanza anavula duku n'kumuonetsa mutu. Yotamu anayang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu wake, n'kubwerera osatsanzika.

Tsitsi litangotulukira ngati udzu wa pambuyo pa lupsa, Nachanza anakakhala pakhomo pa Nazunga ndi lezala latsopano m'manja, kuti sachokapo. Anamumeta kafumbi ka tsitsiko, Nazunga n'kukapota ndi luzi akung'ung'udza kuti nsinga yotere sanaionepo. Ulendo uno kumanda kunapita anthu ochepa, ndipo Mayi Abigelo anatumiza mawu kuti mutu ukuwawawa. Dafuleni anakoka, muvi unapita, nsinga anadula. Nachanza sanamange mtolo. Anati ndiyambe ndaona.

Kutacha muvi unali pamphuthu pomwe paja, m'bowo lomwe lija. Koma tsopano pansi pa nthenga panali patamangidwa kachingwe kakuda. Nachanza anagwada n'kuyang'ana. Linali tsitsi. Lalitali kuposa chala, lowongoledwa, lonyezimira, ndipo atanunkhiza anamva mafuta onunkhira a m'botolo, aja ogula m'tauni.

"Alamu, taonani. Ili si langa."

"Umenewo ndi mchira wa ng'ombe," anatero Nazunga msangamsanga.

"Ng'ombe ya kuti yodzola mafuta a kokonati?"

"Inu mumakonda kukulitsa nkhani." Nazunga anathothola tsitsilo, munthu amene muvi ankaugwira ndi nsanza, n'kulifumbata m'manja, n'kulowa nalo m'nyumba mwake. Ali m'katimo anakuwa kuti, "Tidikiranso limere!"

Nachanza anatenga mphika wa ndiwo zopanda mchere zija n'kuuponya pabwalo. Agalu anabwera, ananunkhiza, nawonso anazisiya.

Madzulo ake Dafuleni anafika akukankha njinga, osaikwera. Sanapite kwa amayi ake. Anakhala pakhonde pa Nachanza, chipewa m'manja, chimunthu chonse chija chitafota.

"Mayi, ine kabaza ndasiya."

"Wagunda munthu?"

"Bola ndikanagunda munthu. Pobwera paja, pamphambano ya kuphiri, dzuwa likulowa, wina anandiimika. Ndinangoona dzanja m'maudzu. Ndinati ndi mwana, ndimuthandize. Anakwera kumbuyo, koma njinga osalemera ngakhale pang'ono. Fungo lake ngati la utsi wa m'phanga. Mtima unandiuza kuti usacheuke. Ndiye ndinakumbukira zimene amalume ankanena, kuti anthu amenewa safuna kuwaonetsa kuti ndi aafupi. Ndinati, akuluakulu, ndinakuonerani patali zedi, muli pamwamba pa phiri paja."

"Iye anati chiyani?"

"Anaseka. Mayi, kuseka kwake ngati miyala ikukhudzana. Tinayenda, tinayenda. Tikulowa m'mudzi anandigwira malaya apa, n'kunena kuti, mphwanga, nsinga yako ndi yoperewera."

"Yoperewera chiyani?"

"Ndikanafunsa ndani? Njinga inangogwedera pang'ono, nditacheuka pampando palibe munthu."

"Anatsikira pati?"

Dafuleni anazunguza chipewa chija m'manja. "Kumunsi kuja. Pa mpanda wa maluwa paja."

Mpanda wa maluwa kwa Nambuzi ulipo umodzi wokha, wa Mayi Abigelo.

Nachanza sanathamangire kumeneko. Anati ndisanamizire munthu wa Mulungu, ndiyambe ndaona mitu. M'mawa anatenga ndowa n'kukakhala pamjigo, poti kumeneko sanamuletse. Anakhala pamenepo ngati wogula mbuzi pamsika, mayi aliyense akawerama kuti asenze iye maso ali pamutu. Ena anali ndi tsitsi lomanga ndi ulusi, ena lodula, ena la imvi. Dzuwa litakwera anafika Mayi Abigelo. Mayi amenewa mudzi wonse unkadziwa tsitsi lawo, duku ankalimangira kumbuyo dala kuti kutsogolo kuzioneka. Koma tsiku limenelo, kutentha konse kuja, anali atamanga maduku awiri, lina pamwamba pa linzake, mpaka m'nsidze. M'maso munali mofiira ngati munthu wophika ndi nkhuni zaziwisi.

"Mwadzuka bwanji, mayi a nyimbo?"

"Ndadzuka, kaya inu anamfedwa."

"Mutu uja wapola?"

"Ukuyesera."

"Bwerani ndikusenzeni. Chotsani duku limodzi, nkhata ikhale bwino."

Mayi Abigelo anagwira duku ndi manja onse awiri. Kenako ananyamula ndowa yodzadza m'manja, madzi akutayikira m'miyendo, n'kumapita osayang'ana m'mbuyo. Amayi a pamjigo anayang'anana, ndipo kwa nthawi yoyamba chikumbireni mjigowo panali zii.

Masana a tsiku lomwelo kumwamba kunada. Mphepo inanyamula mapesi, kuphiri kunagunda, ndipo fungo la dothi lonyowa linafika kuchokera kutali, kutanthauza kuti kwina yayamba kale. Nachanza analowa m'nyumba, anatenga lezala, n'kutsetsereka kumunsi kwa mudzi. Sanaodire. Anakankha chitseko cha Mayi Abigelo, koma chinali cholimba chifukwa pansi pake anatsekapo ndi nsanza. Mazenera onse anali otsekedwa ndi makatoni, nyali ikuyaka masanasana. Mwini nyumba anali atakhala pakona, msana kukhoma, buku la nyimbo pamiyendo.

"Vulani."

"Anamfedwa, mwalowa bwanji m'nyumba ya..."

"Mayi, mvula ikubwera. Vulani."

Anavula loyamba. Anavula lachiwiri. Inu, mutu umenewo! Kwina tsitsi lalitali monga kale, kwina zigamba zoyera zozungulira ngati pamene pagona nkhuku, ndipo m'mbali mwa zigambazo timabala ting'onoting'ono tambirimbiri, ngati wina ankameta ndi chinthu chosakhala lezala.

"Amabwera kukamacha," anatero Mayi Abigelo. "Ndimayesetsa kukhala maso, koma tulo take si tabwino, timangondigwetsa. Sindiwaona. Ndimangomva tizala tozizira tikundigwira khutu, kutembenuza mutu wanga mwaulemu ngati anamwino, kenako khwee, khwee, ngati mwala pachikopa. Ndikafuna kukuwa pakamwa sipatseguka. Ndinakagona kwa mng'ono wanga kutsidya la msewu, ananditsatira komweko."

"Malezala onse anatibera aja sakuwagwiritsa ntchito?"

"Ndimawapeza pakhomo m'mawa atawandandalika bwinobwino, ndi zipeso zomwe. Ngati akuti, dzimete wekha."

"Nanga osadzimeta bwanji?"

"Ndimete maliro a mwamuna wa mwini? Anthu ati chiyani? Ine ndimaimirira kutsogolo kwa amayi, anamfedwa."

Nachanza anakhala pa mpando osaupatsidwa. "Ndiye nenani ndimve ndi makutu anga. A Sandalamu anali ndani wanu?"

Mayi Abigelo anayang'ana buku la nyimbo, analitseka, n'kuliika pambali chadodolido.

"Anali amuna anga nanenso. Chipitireni bambo a kuno ku Joni. Ankati akupita kukayendera misampha ya mbewa."

"Mbewa zimene sitinadyepo zija."

"Ndikhululukireni, mayi. Ndimenyeni ngati mukufuna."

Apa ndi pamene anthu amasiyana pofotokoza, ena amati Nachanza analira, ena amati anawamenya mbama. Zonsezo n'zabodza. Nachanza anaseka, kuseka kowawa kwa munthu wotopa.

"Ndikumenyeni chifukwa cha a Sandalamu? Munthu wonong'ona m'tulo uja, wa mapazi ozizira? Mukanabwera masana ndikanakupatsani ndi bulangete lake lomwe. Chimene chikundiwawa ine ndi ichi, mayi. Munaima pamanda paja mukuona akundimeta ndekha. Mukudziwa mwambo wa pano, kuti nsinga imafuna tsitsi la mkazi wa malemuyo. Inu munali mkazi wake, tsitsi muli nalo lodzadza dengu, munangoimba nyimbo! Ine ndadya ndiwo zopanda mchere, ndanunkha ngati mbuzi, ndapaka ndowe m'mutu, anditcha wachiwerewere, munda wa amayi anga ukupita, inu muli pano mwamanga maduku awiri. Khalani pansi apa."

Anakhala pansi pakati pa miyendo ya Nachanza ngati mwana wokamangidwa tsitsi. Nachanza anameta lonse limene linatsala, osanyowetsa n'komwe, n'kulikulunga m'duku limodzi. Akumeta choncho, panja pa zenera lotsekedwa lija panamveka kanthu kakusuntha, ngati munthu amene anakhala nthawi yaitali chonjuta ndipo tsopano waimirira. Onse awiri anamva. Palibe anakatsegula kuti aone.

Nachanza anakwera mtunda n'kukaponya duku lija pamiyendo ya Nazunga.

"Mchira wa ng'ombe uja ndi uwu. Ng'ombe yake ikubwera m'mbuyomu. Potani."

Nazunga sanafunse kuti ndi la yani. Anangofunyulula chitenje pantchafu n'kuyamba kupota, maso pansi. Nachanza anapala mutu wake womwe, kafumbi kamene kanalipo n'kuwaza pamwamba. Nsinga inatuluka yaitali, yakuda, yonyezimira, yonunkhira kokonati.

Mbiri inathamanga kuposa mphepo ija. Pamene ankafika kumanda, mudzi wonse unali utafika kale, ndi odwala omwe. Mitu iwiri ya mpala inaima pamodzi kumutu kwa manda, wina atatukula nkhope, wina ataizolika. Dafuleni anakunga uta. Iye amalumbira mpaka lero kuti ulendo umenewo sanakoke ndi iye, anangogwirizira, utawo unadzipinda wokha mofewa ngati nthambi yaiwisi. Muvi unapita. Nsinga sinalire. Ataidula, kuphiri kunamveka kamluzu kamodzi, kafupi, ngati mlenje akuitana galu wake kuti tiyeni. Nkhuku za kwa Nambuzi zinalowa zokha m'khola madzulo amenewo.

Kutacha Nachanza anatsegula chitseko pang'onopang'ono, n'kuyamba kuyang'ana polekeza bondo. Panali bowo lokha. Akuluakulu anamusudzula mofulumira, poti madontho anali atayamba kugwa, akuluakulu ngati nsawawa. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kunyambita mchere wodzadza chikhatho. Kenako anasenza mtolo.

Amene anamunyamulira khasu mpaka kumtsinje anali Nazunga. Kutsidya Yotamu anali ataima kale ndi thumba la feteleza kumutu, akukuwa kuti afulumire madzi asanadzadze, mkamwini uja sanabzale. Nachanza anakwinya chitenje kuti alowe m'madzi, koma Nazunga sanamupatse khasu lija.

"Alamu."

"Nenani msanga, ndikunyowa."

"Ine ndinkadziwa."

"Munkadziwa chiyani?"

"Za awiri aja. Kunyumba kwa mayi aja sakanalowa, pali aneba a maso. Ankakumana kwanga. Ine ndinkapita kukapempha moto kutali, n'kuchedwako dala. Mphasa yake inali yanga, alamu. Muvi utabwerera tsiku loyamba lija ndinadziwa chimene chaperewera, koma ndikananena, anthu akanafunsa kuti ndadziwa bwanji."

Nachanza anamuyang'ana, mvula ikutsetsereka pampala pake.

"Ndiye munaona kuti bola munditche ine wachiwerewere."

"Pakamwa panangothamanga. Chonde, zimenezi zithere pamtsinje pano. Dafuleni asamve, mpingo usamve. Ndakuuzani inu nokha chifukwa mukupita."

Nachanza analanda khasu lake, n'kulowa m'madzi. Ali pakati pa mtsinje anacheuka n'kulonjeza kuti sauza munthu, ndipo mawu ake anawasungadi, njira yonse mpaka pachigayo cha kwa Mkutu.